Rosakutty Akudikira Madzi Aphwe

Julayi 19
Mkazi wanga Rosakutty akadali m'firiji ya kumochale ku tauni ya Alappuzha. Manda a kutchalitchi onse pansi pa madzi, pokumba palibe. Mvula yakata, koma madzi angoti phee. Ndapalasa kabwato kukaona. Mitanda kungotulukira mitu. Pa mtanda wa apongozi pali mphipi, ikuyanika mapiko ngati pakwawo. Ndaikalipira, siinandiyang'ane n'komwe.

Julayi 21
Mwana wathu Sibichan wafika kuchokera ku Dubai. Tchuthi chake chachifupi. Chinangwa ndi nsomba za aneba, mchere wokhawokha. Akuti: "Ababa, ansembe alola. Nyengo ya madzi ino anzathu akuwotcha maliro, phulusa n'kudzakwirira kukauma. Mufuna Amayi akhale mu ayezi mpaka liti?" Ndamuuza kuti amayi ake si makoko a kokonati. Wadzuka osamaliza mbale.

Julayi 22
Kumanda m'mawa. Ndalemba ndi mpeni pachipata pomwe madzi alekezera. Katumbu ndi ana ake akusewera pakati pa mitanda, pamwamba penipeni pa manda a khanda lathu loyamba. Rosakutty ankakonda kunena: "Ine mudzandigoneke wathunthu pambali pa kamwanako, ndizikakafunditsa." Ndinkamuseka. Lero kuseka kulibe.

Julayi 24
Pomwe ndinalemba pamira. Kumapiri kwagwanso mvula. Akumochale aimba, akufuna malo. Pangalande ndakumana ndi Varkey, woweta abakha uja: "Iwe Ouseph, madzi a kuno ku Kuttanad alibe chibale, ngakhale ndi akufa omwe. Mmasule mwana, aisee. Ntchito ikamuthera udzamudyetsa mitanda?" Ndangopalasa. Ndili ndekha. Amene akanandiuza chochita ndi yemweyo ali m'firijimo.

Julayi 26
Ndinavomera dzulo kuti amuwotche. Mapemphero pamtunda wa pamsewu, anthu ochepa. Utsi utayamba ndalowa m'bwato, ndakabisala m'namasupuni. Akakowa kudutsa awiriawiri. Ndamupepesa Rosakutty mokweza, achule okha ndiwo amva.

Julayi 27
Sibichan wabwerera ku Dubai. Padoko wandigwira dzanja nthawi yaitali, maso ofiira. Kamtsuko ka phulusa ansembe akatsekera m'kabati. Tiyi ndathira makapu awiri, chizolowezi.

Julayi 30
Bwato lakhula pansi ndisanafike pachipata. Ndatsika, madzi m'akakolo. Manda onse poyera, matope ndi nkhono. Pambali pa khanda pali malo, nthaka yoti khasu likanalowa bwinobwino. Ndakhala pamenepo mpaka dzuwa pamutu. Mkwiyo, koma ndikwiyire ndani?

Madzulo Sibichan waimba: "Ababa, madzi bwanji kumanda? Sitinafulumire, eti?"

Matope a kumanda akadali m'zala za kumapazi. Ndamuuza kuti madzi akadali m'khosi, mwina mpaka Seputembala. Wapumira m'mwamba, akuti lero agona.