Bokosi la a Simoni Linatsala Pamsewu

Malemia, Nsanje

Wokondedwa mlongo wanga Leonard,

Ndikhulupirira uli bwino ku Blantyre kumeneko ndipo sukulu ikuyenda. Ife kuno tilipo, ana ali bwino, amayi ndi miyendo yawo ija basi.

Leonard, wachita chiyani iwe?

Paja unabwera kudzaimika mlongoti wako m'mbali mwa Shire, m'dimba la a Simoni. Unati ndi kafukufuku wa digiri yako yachiwiri, kamakina kako kaziyeza madzi n'kutumiza uthenga pa netiweki kumafoni athu chigumula chisanafike. Tinakuombera m'manja. A Simoni ankapukuta sola ya pamlongotipo ndi malaya awo, ati mwana wakwathu watikumbuka.

A Simoniwo anamwalira Lachiwiri. Lachinayi, tili m'njira ya kumanda ndi bokosi, mafoni analira onse pakamodzi. Akuti madzi akwera, thawirani kumtunda tsopano lino.

Kuno kunali dzuwa, koma kumapiri a Thyolo kunali bii. Ukudziwa wekha kuti madzi amene anatenga bambo athu anabwera kuno kusanagwe ndi dontho lomwe. Ndani akanaima? Azimayi anathamangira ana kunyumba, azibambo anatsitsa bokosi pamsewu. Pamsewu, Leonard! Inenso ndinathawa, nditabereka amayi kumbuyo.

Anatsala mayi Hannah okha, akazi awo a malemu. Anakhala pansi atagwira bokosilo, ati madziwo awatengere limodzi.

Madzi sanabwere. Maliro tinaika dzuwa litapendeka, popanda woyang'ana mnzake kumaso.

Tinkati makina alakwitsa, ndipo ine ndinkakuikira kumbuyo. Ndiye dzulo anafika mnzako Daliso pa njinga yamoto, akumwetulira, n'kumafunsa anthu ngati uthenga unawafika ndiponso kuti anathawa mwachangu bwanji. Ati kunali kuyesa chabe, ndipo simukanatiuziratu chifukwa zotsatira za kafukufuku zikanaonongeka. Mayo ine! Pakanapanda malume Kaitano kuwaletsa anthu, mnzakoyo akanabwerera wopanda mano.

Ndikudziwa kuti za maliro sunamve. Koma ukanangondiimbira ine ndekha, bwenzi nditakuuza.

Mlongoti sanaugwetse. Mayi Hannah akaniza, poti amuna awo ankaukonda. Koma anthu akuti mafoni akadzaliranso sadzasuntha. Amayi nawonso atero, ati iwo si mbuzi yoti mwana wawo aziiyesa liwiro. Mvula ndi iyi yayandikira, ndipo nyumba yathu ukudziwa pamene ili. Tsiku limene makina akowo adzanene zoona, ndidzawabereka bwanji munthu akukana? Ndikuchita mantha, m'bale wanga.

Chonde bwera. Siya kaye mabukuwo. Malume akuti akuperekeza kwa mayi Hannah, ukakhale pa dothi, ukapepese maliro ngati mwana wa pamudzi pano. Ukatero uyende khomo ndi khomo. Mwina akamva kuchokera pakamwa pako adzakhulupiriranso.

Upereke moni kwa alamu anga a Molly, undipsompsonere kamwanako. Mulungu akusunge ndipo akuyendetse bwino panjira.

Usavutike ndi kuimba. Amayi anachotsa okha batire m'foni yawo, ati ngati uli ndi mawu ubwere udzawayang'ane m'maso.

Ndine mlongo wako,
Anastazia