Apongozi anga akuponda phazi la wothamanga wanga

Aphungu,

Ndine mphunzitsi kuno ku Mongue. Tinabwerako ku kampu ya othawa nkhondo ku Malawi chaka chatha, ndipo sukulu yathu ikadalibe denga, koma bwalo lamasewera tinalambula. Ku kampuko ndinkathandiza anthu ophunzitsa olumala kuyendanso, choncho za minofu ndi mafupa ndikudziwako pang'ono. Ana anga a sukulu ndimawaphunzitsa kutenthetsa thupi asanathamange ndiponso kusamala pamene pavulala.

Liness, mtsikana wanga waliwiro kuposa onse, anaponda m'dzenje n'kubinya phazi. Ndinamumanga nsalu yoviika m'madzi ozizira, n'kumuuza kuti agone, phazi alisanjike pamtondo. Makolo ake anaseka. Kuno wobinya amapita kwa mayi wobereka mapasa kuti akamuponde ndi chidendene, ndiye anamutengera kwa mayi Palmira, amene anabereka mapasa kawiri. Anamuponda, anamukoka, anamuthowa ndi madzi otentha. Lero phazilo lili ngati dzungu, ndipo sakutha kuponda pansi.

Vuto ndi ili: mayi Palmira ndi apongozi anga, ndipo ine ndili pachikamwini. Tikakumana panjira ndimapatukira kutchire. Atamva za nsalu yanga anatuma mkazi wanga kudzandifunsa kuti, "Kodi a Pulofesolo akuyesa phazi ndi chinangwa, choti n'kuviika?" Loweruka akuti amupondanso. Ndili ndi mantha kuti fupa linathyoka, komanso mpikisano wa pa 25 Juni, tsiku lokumbukira ufulu wa Mozambique, ku Milange wayandikira. Popanda Liness sitingapambane. Ndichite bwanji kuti achire mpikisano usanafike?

Z.B., Mongue

A Z.B.,

Munadutsa nkhondo, munawoloka mtsinje wa Ruo, lero mukubisala m'tchire chifukwa cha chidendene cha mayi mmodzi? Ulemu ndi wabwino, koma ulemu sulumikiza fupa. Mayi Palmira ndawavulira chipewa, mapasa kawiri si masewera, koma mapasa sapatsa munthu maso oona mkati mwa phazi.

Musadikire Loweruka. Mawa m'mawa pitani kwa makolo a Liness, muwauze kuti mwana amene akulephera kuponda pansi afunika kuonedwa fupa kuchipatala. Bwerekani njinga, mumukweze, mayi ake atsagane nanu ku Milange. Mukakankha njingayo ulendo wonse, thukuta limenelo likhale chindapusa cha mantha anu.

Apongozi musawachititse manyazi pagulu, mungapeze katundu wanu ali panja. Njira imene anadutsira mawu a chinangwa ija ndi yomweyo mudutsemo inu: tumani mkazi wanu. Akanene kuti manja awo mukuwafuna ndithu, koma achipatala akaloleza, kutupa kutaphwa, ndipo ntchito yawo ikhale kusisita pang'onopang'ono. Chidendene chipume. Mukatero muwaitane kusukulu adzamusisite Liness ana akuona, inu mukufotokoza, mutaima patali monga mwa mwambo. Munthu amene wapatsidwa mpando sagwetsa msonkhano.

Liness akayamba kupeza bwino, azilemba dzina lake pamchenga ndi chala chachikulu cha phazilo, kenako aziimirira ndi mwendo umodzi. Kuyenda kuyambe, kuthamanga kubwere pambuyo. Ana enawo muwapatse makasu akwirire maenje onse m'bwalomo, phunziro loyamba la masewera ndi limenelo.

Koma pali wina amene ndikumuopa kuposa apongozi anu, ndipo ndi inuyo. Funso lanu lomaliza silikufunsa za phazi, likufunsa za mpikisano. Mukamuthamangitsa asanachire, mudzakhala mwamuponda kuposa mayi Palmira, inu amene mukudziwa. Mufufuteni pamndandanda lero lomwe, mukagonje ku Milange mutu uli m'mwamba. Tsiku la 25 Juni limabwera chaka chilichonse, koma phazi limene linamuyendetsa mwanayu kuchoka ku kampu mpaka kwawo silidzaphukanso lina.

Aphungu