Mawu anu sanafike kwa amayi

Achimwene,

Landirani moni, inu ndi alamu kumeneko ku Joni. Kuno tadzuka bwino ndipo mpunga wa kusikimu wayamba kucha, koma miyendo ya amayi idakali yotupa.

Musadzinamize kuti amayi anakumvani mutaimba pa chinkhoswe cha mwana wanu Esinati. Sanamve olo liwu limodzi. Laputopu munatumiza ija ndinaiika pamphasa pawo kuchipinda kuti akuoneni, ndiye ndinakoka waya kudzera pawindo mpaka pa sipika yomwe inali pansi pa mango, pomwe panakhala anthu. Nditangolowetsa wayayo, laputopu inatseka pakamwa. Panja ankhoswe akuomba m'manja, mkati amayi, ndi makutu awo aja, akungoona milomo yanu. Anandifunsa kuti, "Kodi Yohane bwanji akungoyasamula ngati mlamba?" Nditazula waya, mawu anabwerera pa laputopu, koma amalume anakuwa panja kuti ndadula mawu a bambo a mwana. Ndinabwezera, posakhalitsa netiweki inathawa.

Ine kukonza wailesi ndinadziphunzitsa ndekha, koma chinthu ichi chandinyansa. Ndapita nacho ku Songani, wokonza mafoni akuti kuti zonse ziwiri zilire pamodzi pamafunika pulogalamu ina, yomwe iyenso saidziwa. Makina anji osankha woyankhula naye?

Funsani kumeneko, mundilembere bwinobwino. Koma Lamlungu lino imbani popanda za masipika, chifukwa aliyense wobwera kudzawazonda, amayi akumuuza kuti mwana wawo anayankhula ndi mudzi wonse kupatula iwo.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Fanuelo