Pepala lomwe ndalipeza m'jekete la malemu

Aphungu,

Amuna anga, a Laban, tinawaika m'manda miyezi iwiri yapitayo. Chaka chatha anawachotsa chotupa cha khansa m'mapapo, kuchipatala cha kunja. Woperekeza ankaloledwa mmodzi, ndipo banja linasankha achemwali awo, a Felicia, poti anali namwino. Ine ndinatsala ku Chitawira.

Atabwerako, a Felicia anandiuza kuti: "Mlamu, achotsa chonse. Inu muzingomuphikira zabwino." Ndinakhulupirira. Sipanathe chaka, matenda anabwerera n'kuwatenga.

Pa ulendo womwewo panalinso a Kingsford a ku Kanjedza, a chotupa chofanana kukula. Posachedwapa ndinawaona ku Limbe akuthamangira minibasi, atanenepa. Ndinawapatsa moni bwinobwino, koma kunyumba chakudya chinandikanika.

Sabata yatha, tisanagawe zovala za malemu, ndinkapisa m'matumba. M'jekete lawo la kutchalitchi ndinapezamo pepala la zotsatira za chotupacho, lopindapinda mpaka kuyamba kung'ambika. Ndagwira ntchito mulaibulale zaka zambiri, choncho mawu ake ndinawafufuza limodzilimodzi. Likuti khansayo inali italowa kale m'timitsempha ndi m'mwanabere. Linalembedwa asanabwerere kuno.

Ndiye kuti a Felicia ankadziwa. Anandibisiranji? Kodi panali mankhwala ena omwe anawakanira? Kapena madokotala anasamala kwambiri a Kingsford? Loweruka abale akukumana pa za chiliza, ndipo ndikufuna ndikawerenge pepalali pamaso pa onse. Ndilakwa?

H.N., Chitawira, Blantyre

Mayi H.N.,

Pepani kwambiri. Kufuna kudziwa zoona si kulakwa, koma Loweruka si tsiku lake.

Tiyambe ndi a Kingsford. Zotupa ziwiri zikhoza kufanana kukula koma n'kusiyana ukali. N'chifukwa chake chotupa akachichotsa amachidula tizidutswa n'kuchiunika. Amaona mtundu wake, ngati chalowa m'mitsempha, komanso ngati chafika m'mwanabere. Chikafika m'menemo, mwayi woti matenda abwererenso umakula, ngakhale dokotala atachotsa chonse chooneka. Choncho mawu oti "achotsa chonse" akhoza kukhala oona, kungoti anali osakwanira. Pepala la a Kingsford simunaliwerenge. Asiyeni anenepe.

Lanulo pitani nalo kwa dokotala yemwe ankaona amuna anu kuno. Mufunseni mosapita m'mbali ngati anawauza za mankhwala owonjezera pambuyo pa opaleshoni, ndiponso yemwe anavomera kapena kukana. Mabuku akuuzani tanthauzo la mawu, koma zomwe zinakambidwa m'chipinda cha dokotala sangakuuzeni.

Kenako muwaitane a Felicia, mukhale awiriwiri. Mukadzapeza kuti anatsekereza chithandizo, pamenepo nkhani ipite kwa ankhoswe, ndipo ndidzakhala mbali yanu.

Koma taonaninso kalata yanuyi. Pepalalo silinali m'chikwama cha a Felicia. Linali m'thumba la a Laban, ndipo pepala siling'ambika m'mopinda ngati mwini wake salitsegula kawirikawiri. Amuna anu ankadziwa. Lamulungu lililonse ankakhala nalo pambali panu, osanena kanthu. N'kutheka kuti alamu anu ankangosunga zomwe mchimwene wawo anawapempha.

Chenjerani, mayi. Mukaliwerenga pagulu, yemwe ayenera kuyankha funso lanu sadzakhalapo, ndipo yekhayo amene anamva zifukwa zake mudzakhala mutamuchititsa manyazi. Funsani a Felicia kuti: "Anati chiyani za ine?"