Nsapato Pakhomo pa Mzikiti

Lolemba, 27 Januwale
Mvula siikukata. Mtsinje ukulira kuseri kwa minda ya mpunga. Ndatulutsa nsapato zakale zonse, ndazisoka ndi twaini wa ukonde, ndazipachika m'thumba pamwamba pa chitseko. Zanga, za Layla mwana wanga, ndi jombo za bambo ake. Nkhani yagona pa jombozo. Shuga wawo uja anapha mapazi, ngakhale munga saumva. Anesi anati asamaponde pansi, kachilonda kamodzi kakhoza kutenga mwendo. Bambo a Layla kuseka basi: "A Tausi, mwatsegula kaunjika?" Aseke.

Lachisanu, 31 Januwale
Madzi alowa m'mawa, tiyi asanapse. Nsapato zovala masiku onse zinali pakhonde, zapita. Thumba langa latipulumutsa. Ndawaveka jombo ndekha, ngati mwana. Tathawira kumzikiti, pachitunda, mudzi wonse. Ndanyada, ndisaname.

Loweruka, 1 Febuluwale
Tili pasukulu, ku Chipoka.
Dzulo pofika pamzikiti tinavula nsapato pakhomo. Tonse. Palibe anatiuza, palibe anaganiza. Nyumba ya Allah ungalowemo ndi matope? Jombo zija ndinawavula ndine, n'kuziika bwinobwino pa sitepe. Masana madzi anakwera, n'kukokolola zonse. Pochoka, mudzi wonse mapazi pansi. Ndinawakulunga mapazi ndi mpango, unatsala m'matope. Pansi pa madzi malata okhaokha.

Lachitatu, 5 Febuluwale
Chilonda kunsi kwa phazi lamanja. Akuti sichikupweteka. N'chimene chikundiopsa. Chayamba fungo, Layla akugona chofulatira. Mkwiyo wandidzaza, koma ndikwiyire yani? Sitinachimwe, tinangochita ulemu.

Lachinayi, 13 Febuluwale
Kuchipatala. Zala zada bii. Adokotala akuti adula, m'munsi mwa bondo. Mwiniwake anangoti, "Allah ndiye adziwa." Patapita nthawi: "Nanga bwato ndidzakwera bwanji?" Ndinatuluka, ndinakalirira kumpopi.

Lamulungu, 16 Febuluwale
A Omari, oyandikana nafe, abwera kudzazonda. Atola jombo imodzi m'munda mwawo mwa mpunga, aizindikira ndi twaini wanga. Aitsuka mpaka kuwala, abwera nayo akumwetulira, osadziwa kanthu.
Ndi ya kumanja.
Ndathokoza. Mawa m'mawa bambo a Layla akuwalowetsa kokadula mwendo. Jomboyo ndaibisa m'chitenje kuti asaione, koma akundifunsa kuti a Omari abweretsa chiyani, ndipo ine ndikungoti abweretsa moni basi.