Tsiku Limene Zitsulo Zimapuma

Lolemba, 24 Bhadau (mwezi wa pakalendala yathu)

Mtima suli m'malo. Bambo anena lero akupukuta girisi m'manja: "Pabitra, mwezi uno ukatha usanapeze sukulu yeniyeni, ukupita kusitolo ya azakhali ako ku Narayanghat, uzikayeza nsalu." Nsalu! Ine amene ndimamasula injini ya njinga yamoto nditatsinzina.

Komabe mlandu ndi wanga. Kukoleji yakale ndinalephera kawiri. Maphunziro asanu ndi limodzi tsiku limodzi, belu likalira mutu usinthe ngati wailesi. Wangawu susintha. Ndikufuna kumene amaphunzitsa phunziro limodzi mwezi wathunthu, likatha n'kuyamba lina, manja ali pazitsulo. Kaya kuliko.

Lachitatu, 26 Bhadau

Makoleji awiri lero. Miyendo yatupa.

Yoyamba, pachithunzi makina mbwee. Kufika, onse akadali m'mapulasitiki awo. Mlonda akuti amawavundukula kukabwera alendo. Yachiwiri, mayi wa muofesi sanakweze n'komwe maso: "Phunziro limodzi pamwezi? Mwana iwe, ulesiwo ukachitire kwanu." Ndinangotuluka. Pobwerera mvula, ambulera ndaiwala m'basi.

Loweruka, 29 Bhadau

Mwina ndaipeza! Ku Butwal, ya zamakina. Pafoni a Thapa, mphunzitsi wake, akuti masabata anayi phunziro limodzi, m'mawa m'kalasi, masana onse mushedi ya makina. Kulembetsa akutseka Lachitatu.

Bambo za pafoni sakhulupirira. "Ndikaone ndi maso angawa ana akugwira zitsulo. Apo ayi, sindisayina." Chabwino, koma apite liti? Galaja satseka munthu ameneyu, ngakhale malungo amawadwalira pansi pa njinga. Tsiku limodzi lokha pachaka: chikondwerero cha Bishwakarma, mulungu wa amisiri, pamene zitsulo timaziveka maluwa n'kuzisiya zipume, osagwira ngakhale sipanala. Chaka chino chagwa Lachiwiri. Mwayi wake!

Lolemba, 31 Bhadau

Tsiku lonse kutsuka masipanala, kutunga nkhata za maluwa. Ndadzibaya kawiri. Mphodza ndapsereza, mayi akuti mutu wanga uli kale ku Butwal. Sakunama. Azakhali aimba foni, akuti bedi langa ayala kale. Ayalule.

Lachiwiri, 1 Asoj (mwezi watsopano)

Zitsiru ziwiri, ine ndi bambo anga.

Mwambo wathu tinachita m'mamawa, kenako basi maola atatu. Kufika mushedi ya koleji, zii. Makina onse atavala maluwa, aliwonse ndi kadontho kofiira pamphumi, lubani fuu. Ophunzira atavala zoyera, manja ali m'thumba. Makaniko amene wagwira ntchito zaka makumi atatu ndi mwana wake, palibe anaganizapo kuti nakonso zitsulo zikupuma! A Thapa anaseka mpaka kutsokomola: "Achimwene, zanu zikupuma kunyumba, ndiye zathuzi zilibe mulungu?"

Bambo sanaseke. Ndinapempha a Thapa ayatse makina amodzi okha, mphindi imodzi. Bambo anandiyang'ana ngati ndatukwana. Anazungulira shedi yonse manja ali kumbuyo, kuima pa vayisi iliyonse yopanira zitsulo nthawi yaitali, osakhudza. Mtsikana wina wophunzira anatipatsa maswiti a mwambo pambale. Bambo anachedwa kutenga, maso ali pansi, mpaka ine manyazi.

Bambo sanaone aliyense akugwira ntchito, ndiye basi, zatha. Ndalirira pawindo la basi. Fomu yolembetsera ndaisiya patebulo, sindikufunanso kuiona.

Lachitatu, 2 Asoj

Kwacha. Fomu palibe patebulo. Ndaipeza kugalaja, itapanidwa pa vayisi, maluwa adzulo akadali pomwepo. Yosayinidwa! Pakona chidindo cha chala cha girisi.

Bambo ali chogona pansi pa njinga, nkhope osaonetsa, anangoti: "Zogwirira za mavayisi awo zaperepeseka kuposa yangayi. Nanga mtsikana wa maswiti uja, zikhadabo zake unaziona? Zakuda zimene zija sopo wa tsiku limodzi sachotsa. Thamanga, basi sidikira mwana wa munthu."

Ndikulemba ndili pa siteji. Akutseka folo koloko. Ndatsegula chikwama kufuna cholembera china, ndapezamo sipanala yawo ya nambala teni, ija sabwereketsa ngakhale ine, itakulungidwa m'nyuzi. Sindinaikemo ndine. Basi ija yafika, ndipo ndikukwera.