Chithunzi cha Adadi pa Minidisiki

LACHISANU

Lindiwe 09:12
mama, wopanga chiliza cha adadi akufuna chithunzi sabata ino. cha pa ID wachikana, akuti nkhope sikuoneka

Selinah 09:20
zina zonse zinaola madzi atalowa m'nyumba, ukudziwa. chatsala ndi kaminidisiki kawo ndinabwera nako ku Dubai kaja. Kizito, ndinakupatsa, wakayesa?

Kizito 10:47
azakhali tinakaika mu player ya mnzanga ku kampu yomwe timagona ku Sonapur, kakungolemba NO TRACK. mulibe nyimbo. akuti tipange format mwina kadzuka

Selinah 10:48
usayerekeze

Selinah 10:50
malemu sankaikamo nyimbo. ankakalumikiza ku kompyuta ya ku parishi n'kumasungamo zithunzi ngati flash. format imafufuta zonse

Selinah 11:34
Kizito

Lindiwe 12:05
sakuwerenga mama. ine thupi lonse lazizira

Selinah 12:06
kuzizira sikuthandiza. muimbire

Kizito 15:18
pepani, pa duty mafoni amakhala mu locker. sitinapange. mnzangayo ankati adine, basi ya kampani inafika

Selinah 15:19
Mulungu aidalitse basiyo. ubwere nako Lamlungu pa sitima ya Metro, ndili off. usakaike m'thumba la kumbuyo

LAMLUNGU

Selinah 13:40
tili ku Bur Dubai. mashopu ambiri akutiseka, wina wati zimenezi n'za ku museum. mkulu wina wokonza mawailesi wati ali ndi makina a mtundu womwewo, a chingwe cha USB

Lindiwe 13:58
ndiye?

Lindiwe 14:25
mama?

Selinah 14:41
katseguka. khalas, zatheka

Lindiwe 14:42
[uthenga wa mawu 0:38]

Selinah 14:44
sindikumva, ukungolira. lemba

Kizito 14:46
nawonso alira sis, akungobisa

Selinah 14:47
ndi AC ya m'shopu muno

Selinah 14:52
[chithunzi]

Lindiwe 14:55
ndi iwo mama! koma avala maheadphone, akuseka pakamwa ponse. a tete, achemwali a adadi, sadandaula kuti cha pa chiliza chimafunika cha suti? fufuzani china

Selinah 14:57
cha suti chilipo, akuoneka ngati akuzengedwa mlandu. munthu ndinakhala naye ine ndi wosekayu. tumiza chimenechi

Lindiwe 15:03
ndatumiza. wachilizayo wayankha kuti chikuoneka bwino, ayamba mawa

Selinah 15:04
chabwino. a tete ako ndiwaimbira ndekha